Munda Wokula Ufuna Cingwe, Kalendala ndi Buku

Mlimi akapeza ndarama zabwino caka cimodzi, ganizo limene limfikira msanga ndi lakuti akuze munda. Anali ndi ekala imodzi ya fodya, tsopano afuna maekala atatu. Anali kulima ndi mkazi wace yekha, tsopano afuna kulemba aganyu asanu. Ganizo limeneli si loipa, pakuti ulimi ndi malonda, ndipo malonda ayenera kukula. Koma taonani cimene cicitika kawirikawiri m'midzi ya ku Lilongwe, Dowa, Kasungu ndi Mchinji: munda ukula katatu, nchito ikula katatu, ngongole nayo ikula katatu, koma mabelo ofika ku msika angoonjezeka pang'ono, ndipo mtengo wace utsika. Mwini munda adandaula za mvula, kapena za ogula, kapena anena kuti aganyu a masiku ano ngaulesi. Nthawi zina zimenezi nzoona. Koma cifukwa cacikulu cikhala pa khomo pace pomwe.

Pa ekala imodzi ija diso la mwini linali kufika pa phando liri lonse. Iye yekha anayesa mizere, iye yekha anathira fetereza, iye yekha anadziwa tsamba lokhwima ndi losakhwima. Nzeru yonse ya munda inali m'mutu mwace ndi m'manja mwace, ndipo panalibe cifukwa cakuti aifotokozere munthu wina. Pa maekala atatu diso limodzi silikwanira. Aganyu asanu abwera ndi miyendo yosiyana ndi manja osiyana: wina atalikitsa mapando, wina afupikitsa, wina atapa fetereza dzanja lonse, wina ndi nsonga za zala. Palibe mwa iwo wofuna kuononga. Angocita monga anazolowera kwao. Cotero cinthu coyamba kukonza si munda watsopano, koma dongosolo la nchito, ndiko kunena njira imodzi yodziwika yogwirira nchito iri yonse, imene munthu ali yense pa khomopo angathe kuibwereza caka ndi caka, kaya mwini alipo, kaya wapita kutali ku maliro.

ZA KALE ZIMENE ZITIPHUNZITSA

Nkhani imeneyi si yacilendo m'dziko lino. Ca m'ma 1920 A. F. Barron ndi mnzace R. W. J. Wallace anayamba ulimi wa fodya woumika ndi utsi, amene dzina lace ndi cikopa, ku Mbabzi m'boma la Lilongwe. Anali kugawira anthu mbande, natuma akapitao kuti aziyendera minda ndi kuonetsa kabzalidwe ndi kaumikidwe kace. Pamene alimi anali owerengeka, onse natsata njira imodzi, fodya anali wabwino. Patapita zaka zocepa anthu zikwizikwi analowa ulimiwo, ambiri a iwo popanda wowaphunzitsa, ndipo ogula anadzaza m'midzi. Fodya anaculuka, koma ubwino wace unatsika. M'caka ca 1926 Boma linakhazikitsa Native Tobacco Board kuti ilembe maina a alimi, itume alangizi ndi kuika misika. Sitinena kuti bungwe limenelo linali lokomera alimi m'zonse, iai. Linali kutapa gawo lalikulu pa mtengo wa fodya, ndipo ena mwa azungu a minda ikuluikulu analifuna cifukwa anali kuopa kupikisana ndi alimi a m'midzi. Koma cimene cinaoneka m'cigawo conse m'zaka zimenezo ndico cioneka lero pa khomo la munthu mmodzi: minda ikakula msanga, njira ya kagwiridwe ka nchito nitsalira m'mbuyo, tsamba liipa.

Phunziro laciwiri ndi lowawa. Itapita njala ya 1949, Boma la nthawi imeneyo linalimbitsa malamulo a malimidwe. Anthu anakakamizidwa kuunda mizere yopingasa ndi kumanga milambala, ndipo wokana anali kulipitsidwa kapena kumangidwa. Zambiri za m'malamulo amenewo zinali ndi nzeru, koma zinafika ndi ukali, popanda kufotokoza bwino. Anthu anazida, ndipo kukakamiza kutatha ca m'ma 1960, milambala yambiri inasiyidwa nigumuka. Mizere ndiyo inatsala kufikira lero, popeza alimi anaona ndi maso ao kuti isunga madzi ndi nthaka. Mwini munda akumbukire zimenezi pamene aika malamulo pa khomo pace. Lamulo limene waganyu sadziwa cifukwa cace, alitsata pokhapokha mwini ali ciriri kumbuyo kwace. Mwini akangopotoloka, nchito ibwerera mwakale.

CINGWE NDI KAKAPU

Yambani ndi zoyesera, pakuti sizilira ndarama. Kabzalidwe ka cimanga kamene alangizi aphunzitsa, kamene ambiri akadziwa ndi dzina lakuti Sasakawa, ndi aka: mizere italikirane masentimita 75, mapando atalikirane masentimita 25, ndipo pa phando pagwe mbeu imodzi. Pa hekitala imodzi, ndiwo maekala awiri ndi theka, pamera mapesi oposa 53,000. Kabzalidwe kakale ka mbeu zitatu pa phando, mizere ndi mapando zotalikirana masentimita 90, kanali kupatsa mapesi 37,000. Tsono munthu wobzala moyerekeza ndi phazi akatalikitsa phando liri lonse ndi masentimita 5 okha, kuti likhale pa 30 m'malo mwa 25, wataya phesi limodzi pa mapesi asanu ndi limodzi ali onse. Ndiye kuti pa maekala asanu ndi limodzi, ekala yathunthu waisosa, waiunda, waipalira, koma sanaibzale. Palibe diso limene lingaone masentimita 5 tsiku lonse m'matope.

Dulani ndodo ziwiri, ina ya 75 ndi ina ya 25, ndipo konzani cingwe cacitali cimene mwamangapo mfundo kapena zitsekero za mabotolo pa malo a phando liri lonse. Fodya akhale ndi cingwe cacecace, ca miyeso imene mlangizi akupatsani monga mwa mtundu wa fodya wanu, ndipo mucimange kansaru kofiira kuti cisasokonezeke ndi ca cimanga. Mukatha kubzala musazisiye ku munda. Zipacikeni ku denga. Cingwe cinyowa nicitamuka, cifukwa cace muciyesenso ndi ndodo zija caka ciri conse musanayambe.

Pa fetereza ndi pamene ndarama zambiri zitayika mwakacetecete. Muyeso wodziwika pa hekitala ya cimanga ca haibulidi ndi matumba awiri a makilogalamu 50 a fetereza wokulitsa, ndi matumba atatu a Urea wobereketsa. Mukagawa matumba awiri pa mapando 53,000, phando limodzi lilandira magalamu osakwana awiri, kanthu kocepa kakuti dzanja silingakayese. Waganyu wa mtima wabwino akaonjeza theka pa phando liri lonse, matumba atha pamene gawo limodzi mwa magawo atatu a munda lisanalandire kanthu. Pamenepo mwini ayamba kuganizira anthu kuti amubera, ndewu nibuka, pamene palibe anaba. Mankhwala ace ndi awiri. Coyamba, ali yense wothira akhale ndi kakapu kofanana ndi ka mnzace, ndipo onse aone pamodzi m'mawa kuti kadzale kufika pati. Caciwiri, musatsegule thumba lonse kuti anthu azitapamo. Werengani mizere ya munda wanu, gawani feterezayo m'mabeseni, beseni limodzi la mizere makumi awiri kapena monga mwawerengera. Beseni likatha mizere isanakwane, colakwa caoneka m'ola limodzi, ndipo cikonzeka. Sicidikira madzulo a tsiku lomariza.

KUWERENGA MASIKU COBWERERA M'MBUYO

Ambiri ayamba nchito akaona anzao ayamba. Mlimi wa dongosolo ayamba pa tsiku limene afuna kubzala, nawerenga cobwerera m'mbuyo. M'cigawo ca pakati mvula yobzalira ifika kumapeto kwa Novembala kapena m'Disembala, ndipo mbande za fodya zifuna masabata asanu ndi atatu kufikira khumi pa nazale. Cotero wofuna kuoka kuciyambi kwa Disembala ayenera kufesa kumapeto kwa Seputembala kapena kuciyambi kwa Okutobala, potsata masiku amene lamulo lilola m'dera lace. Kuti afese pa nthawiyo, malo a nazale, madzi, mbeu ndi udzu wophimbira zikhale zokonzeka m'Ogasiti. Dzina lace likhale litalembedwa ku Tobacco Commission, ndi muyeso wa fodya amene waloledwa kugulitsa udziwike, asanafese njere imodzi. Ndipo udzu wofolera cigafa, umene udzafunika m'Januwale, umwetedwa m'Juni ndi m'Julayi, moto wa lupsa usanadutse m'dambo. Amene akumbukira za cigafa masamba atayamba kukhwima agula udzu ndi mitengo pa mtengo wowawa, kapena apanikiza mikangala m'cigafa cakale, fodya nabvunda.

Lembani masiku amenewa pa pepala lalikulu, mulipacike pa khoma pamene onse a m'nyumba aliona. Mukatero mudzazindikira cinthu cimodzi cimene ciyenera kulamula kukula kwa munda wanu. Kuyambira pakati pa Disembala kufikira pakati pa Januwale nchito zonse zigwa pamodzi: kuoka fodya ndi kupakiza, kupalira cimanga, kuthira Urea patapita masabata atatu cimanga citamera, kubandira, kubzala mtedza. M'miyezi ina manja atsala, koma m'masabata amenewa aperewera. Kukula koona kwa munda wanu si malo amene a mfumu anakupatsani, koma malo amene mungathe kupalira pa nthawi yace m'masabata amenewa. Akulu anati walira mvula walira matope. Woonjeza ekala m'Okutobala waonjezanso maudzu a m'Januwale.

Cifukwa cace werengani manja. Tinene kuti caka catha inu ndi akazi anu munapalira ekala imodzi masiku asanu ndi limodzi. Maekala atatu adzakutengerani masiku 18, ndipo pofika ku mzere womariza, udzu udzakhala utadya kale fetereza wa kumeneko. Kuti muthe m'masiku asanu ndi limodzi omwewo mufuna anthu ena anai. Anthu anai amenewo adzafuna malipiro m'Januwale, mwezi umene ndarama za fodya zinatha kale ndi cimanga ciri pa mtengo wokwera. Mlimi wocenjera apatula matumba a aganyu pa tsiku lokolola, nawasoka, nawalemba cizindikiro, ndipo sawakhudza ngakhale kubwere mlendo wotani.

Pa kalendala yomweyo ikanipo tsiku limodzi pa sabata la kuyendera munda. Mbozi zacilendo zodya m'mtima mwa cimanga, zimene zinalowa m'dziko lino ca m'ma 2016 ndi 2017, zigonja msanga zikali zazing'ono, koma zikakula ndi kubisala m'kati mankhwala sazifika bwino. Yendani mokhotakhota m'munda, imani pa malo asanu, ndipo pa malo ali onse yang'anani mapesi khumi. Lembani angati agwidwa. Ndi nchito ya ola limodzi, ndipo munthu wamkulu ali yense wa pa khomo angaigwire atauzidwa kamodzi.

MINDA INAI

Fodya asabwerere pa malo amodzi zisanakwane zaka zinai, cifukwa ca tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene tiswana m'nthaka ndi kutupitsa mizu. Izi alimi ambiri azidziwa, koma pofika Okutobala ayamba kukangana ndi akazi ao kuti fodya anali pati zaka zitatu zapitazo. Gawani munda panai, muzike miyala kapena mubzale mitengo m'malire, ndipo mujambule cithunzi cace pa tsamba lomariza la buku. Fodya atsogole, cimanga cimtsate, kuti cidye fetereza amene fodya anasiya, pambuyo pace mtedza, umene ubwezera nthaka ndipo sudyetsa tinyongolotsi tija monga acitira nyemba ndi soya, kenaka cimanga kaciwiri. Mukakhazikitsa mzere umenewu kamodzi, simuganizanso caka ndi caka, mungosuntha. Nazale nayo isunthe, ndipo isakhale pa dimba pamene munali tomato kapena mbatata ya kacewere, pakuti mbande zidzanyamula matendawo kupita nao ku munda. Mukatha kuthyola, zulani mapesi onse a fodya monga lamulo linena. Mphukira za pa mapesi otsala zisunga nsabwe m'cilimwe conse, ndipo nsabwezo zidzagawira matenda ku nazale za mudzi wonse.

M'CIGAFA NDIMO MTENGO UPANGIDWA

Alimi awiri angalime fodya wofanana m'munda, koma wina nalandira ndarama zambiri kuposa mnzace pa msika wa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma kapena Mzuzu. Kusiyana kwao kuyamba pa tsiku lothyola. Masamba a m'munsi, a pakati ndi a kumtunda ali ndi nchito zosiyana kwa wogula, ndipo ali ndi mitengo yosiyana. Wogula akapeza mitundu iwiri m'belo limodzi salipira mtengo wa tsamba labwino. Alipira wa loipa, kapena abweza belolo. Belo lobwezedwa lilira kalikiti wa galimoto kawiri, nchito yosankha kawiri, ndipo mwini adikira masabata ena ana ali ndi njala.

Njira yace ndi iyi. Fodya wothyoledwa tsiku limodzi asokedwe ndi kupacikidwa m'cigawo cace ca cigafa, ndipo pa mkangala woyamba pamangidwe cizindikiro, kuti kuthyola koyamba kusakumane ndi kwacitatu. Mukatero theka la nchito yosankha latha fodya asanaume. Pofika nthawi yosankha, mwini asankhe yekha timitolo ta citsanzo, kamodzi pa giredi iri yonse, natipacike pa khoma pamene pali kuwala kokwanira. Wosankha ali yense akakayika, atenge tsamba nalilinganize ndi citsanzo, osati kufunsa mnzace wa pambali, amene nayenso angoyerekeza. Sankhani m'mawa pamene tsamba liri lofewa ndi cinyezi ca usiku. Kuwaza madzi kuti fodya alemere ndi kudzinyenga. Afika ku msika atacita nkhungu.

Pamalo posankhira pakhale malamulo ocepa amene sasintha. Pasalowe cingwe ca pulasitiki, ngakhale cocokera ku thumba la fetereza. Pasalowe nkhuku. Pansi payalidwe mphasa kapena ciguduli, ndipo pasesedwe m'mawa uli wonse. Auzeni anchito cifukwa cace: kacidutswa ka pulasitiki kapena nthenga imodzi ikapezeka pamene ogula atsegula belo, ikayikitsa mabelo onse a dzina lanu. Ndipo lamulo lina limene ambiri aliona ngati kutaya nthawi ndi ili: wodinda belo asakhale yemweyo woliyang'ana lisanasokedwe. Munthu saona bwino colakwa ca manja ace. Wina ayang'ane, awerenge kulemera kwace, nalembe m'buku nambala ya belo ndi giredi yace. Kuyambira 2012 fodya wambiri agulidwa pa mgwirizano ndi makampani, ndipo makampaniwo afuna kudziwa kumene belo liri lonse linacokera ndi mankhwala amene anathiridwa; mlimi wolemba sabvutika kuyankha.

BUKU

Buku la ana a sukulu likwanira. Munda uli wonse ukhale ndi masamba ace, ndipo pa mzere umodzi mulembe tsiku, nchito imene yagwiridwa, anthu angati, ndi cimene calowapo. Waganyu mukamlipira cimanga, lembani mtengo wa cimangaco pa tsikulo, pakuti nazo ndi ndarama. Lembani masiku a mvula. Pokolola, werengani ngolo kapena matumba a munda uli wonse paokha musanaphatikize m'nkhokwe. Mapepala a ku msika, oonetsa giredi, mtengo ndi zonse zimene zadulidwa, asokereni m'buku momwemo. Musadikire Lamulungu kuti mulembe za sabata lonse. Lembani madzulo omwewo, nsima isanafike. Ngati m'nyumba wodziwa kulemba ndi mwana wa sukulu, iyi ndiyo nchito yomuyenera pa ulimi wa fodya. Kuthyola, kusoka ndi kuthira mankhwala si nchito za ana: lamulo liletsa, tsamba lonyowa liwadwalitsa, ndipo ogula akana fodya wolimidwa ndi ana.

Phindu la buku silioneka caka coyamba. Lioneka pamene muika zaka ziwiri kapena zitatu pambali ndi pambali. Pamenepo mudziwa kuti belo limodzi likudyerani ndarama zingati lisanacoke pa khomo, kuti munda wa kumtunda ubweza fetereza ndipo wa kumcenga sum'bweza, kuti caka cimene munacedwa kuoka ndi sabata limodzi munataya ciani. Wopanda buku aona ndarama zonse za ku okushoni ngati phindu, pamene zambiri mwa izo ziri zace zomwe analowetsa, zimene zangobwerera. Ndiye amene atenga katapila m'Febuluwale, akuloza fodya wa m'cigafa, naiwala kuti fodya wako ndi amene ali pa mphuno.

Cakudya ca pa khomo naco ciwerengedwe. Onani kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 likhala masiku angati m'nyumba mwanu. Likatha m'masabata atatu, mufuna matumba 18 pa caka. Onjezanipo a aganyu ndi a zogwa mwadzidzidzi, ndipo cotsala cokha ndico cogulitsa. Musanasunge, yesani kuuma kwace njira imodzi caka ciri conse: thirani cimanga pang'ono m'botolo louma pamodzi ndi mcere wouma, tsekani, gwedezani, mcere ukamatirira m'mbali mwa botolo, cimanga cikali ndi madzi, cibwerere pa dzuwa. Nankafumbwe wamkulu, amene analowa m'dziko lino kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, aboola ngakhale cimanga ca m'zitsononkho m'nkhokwe. Cifukwa cace tong'olani, ndipo thirani mankhwala pa muyeso wace kapena sungani m'matumba a PICS, aja a pulasitiki ziwiri m'kati ndi thumba loluka kunja, amene apha tizirombo pakutimana mpweya.

TSIKU LOGAWA NDARAMA

Ndarama za fodya zifika nthawi imodzi, ndipo zibwera ndi abwenzi ambiri. Ikani lamulo zisanafike, inu ndi akazi anu, la mmene zidzatulukire, ndipo likhale lomwelo caka ndi caka: ngongole iyambe, pakuti wobweza msanga ndiye abwerekanso, ndipo pa kalabu mmodzi akalephera onse alangika, zitsate mbeu ndi fetereza wa caka camawa, kenaka cakudya coperewera ndi sukulu, malata, njinga ndi zobvala zidze pambuyo. Fetereza mugule sabata lomwelo, musasunge ndarama kudikira mvula. Kwacha inagwetsedwa ndi magawo 25 pa 100 m'Meyi 2022, nigwetsedwanso ndi magawo 44 pa 100 m'Novembala 2023. Amene anagulitsa fodya m'Juni 2023 nagula fetereza pomwepo anali ndi matumba ao m'nyumba. Amene anasunga ndarama kufikira kumapeto kwa Novembala anapeza kuti zigula matumba ocepa.

Tanena kuti "inu ndi akazi anu", ndipo sitinanene mwa ulemu cabe. M'midzi yambiri mai agwira nchito zonse za m'munda ndi za m'cigafa, koma za nambala ya ku msika, za ngongole ya ku kalabu ndi za mapepala a ku banki adziwa bambo okha. Bambo akadwala m'nyengo ya msika, kapena akamwalira, banja limene linali kugulitsa mabelo makumi awiri lisiya ulimi caka comweco, si cifukwa ca kusowa manja kapena malo, koma cifukwa cakuti palibe adziwa poyambira. Nchito iri yonse yaikulu ikhale ndi mwini wace wodziwika, ndi waciwiri amene aidziwanso. Wina ayang'anire nazale, wina nkhokwe, wina buku, ndipo mwezi uli wonse mukhale pansi muwerengere limodzi zimene zalembedwa.

Pali njira yoyesera ngati dongosolo lakhazikika. M'nyengo ya kusankha fodya, khalani masiku atatu osanena kanthu m'cigafa; ingoyang'anani. Mabelo akatuluka ofanana ndi amene mukadasankha nokha, nchito yacoka m'mutu mwanu nilowa m'manja mwa anthu anu. Akatuluka osiyana, musakalipe; funani pamene citsanzo kapena lamulo silinamveke, mulikonze. Mukapambana pa mayeso amenewa, onjezani munda, koma ndi theka la ekala, osati maekala awiri. Musanaunde mzere woyamba wa malo atsopanowo, onani kuti cigafa caonjezedwa, matumba a aganyu a m'Januwale apatulidwa, ndipo fetereza wace ali kale m'nyumba. Cimodzi mwa izi cikasowa, theka la ekalalo libzalidwe mtedza caka cino, fodya adikire.

Miyeso ya mizere, ya nazale ndi ya fetereza isiyana pakati pa fodya wa bale, wa cikopa ndi woumika m'mabani a moto, ndipo isiyananso monga mwa nthaka ya dera. Tsiku limene mlangizi akumana ndi kalabu yanu, mupite nazo ndodo, zingwe, kakapu ndi buku, kuti aziyese pamaso panu ndi kulemba miyesoyo pa tsamba loyamba. Citani zimenezi mwezi wa Ogasiti usanathe, nchito ya nazale isanayambe.